Pampu ya Pansi pa Mlatho

Reinford anachoka pa galaja yake pa Goliati anthu atagona kale. Munali mu June, chaka cha 2003, ndipo chiperoni chinali chitakuta minda ya tiyi moti tochi inkangomuonetsa nsapato zake zokha. Koma mtima wake unali mbee. Pikapu yakale ya dizilo imene anakhala akulimbana nayo kuyambira dzinja inali italira tsiku limenelo.

Injiniyo anaiphwasula yonse. Anaika mapisitoni ena, maring'i atsopano ndi gasiketi, napala mavavu mpaka zala kuchita matuza. Ankafuna galimoto yamphamvu yokokera malole amene amafera m'zitunda za m'maesiteti, ndipo woiyendetsa anali woti akhale mng'ono wake Elson, yemwe ankagona m'galaja momwemo. Chinkavuta ndi pampu ya dizilo. Yatsopano ikanapezeka ku Limbe, koma Reinford anali woumira, munthu wowongola msomali wadzimbiri m'malo mogula wina. Anakaimasula pa chigalimoto chimene chinagona chagada pansi pa mlatho wa m'chigwa, chomwe ngakhale ogula zitsulo ankachilambalala. Amayi othyola tiyi atamuuza kuti za pamenepo satola, iye anawaseka. Anali wobwera kuchokera ku Thekerani, ndipo kutchalitchi kwawo amaphunzitsa kuti wakufa wagona basi. Nanga chitsulo chadzimbiri n'kukhalanso ndi mwini?

Analowa njira yachidule ya m'tiyi, yotsetserekera ku mlatho womwewo, poti nyumba yake inali kutsidya. Ankaimba kamluzu. Atayandikira mtsinje, kamluzu kaja kanamuthera pakamwa. Achule anali chete. Mphepo inabweretsa fungo la oyilo wopserera, fungo limene makaniko sangalisokoneze ndi lina.

Pa chitsulo cha mlatho panakhala munthu. Anavala ovolosi yabuluu, yonyowa yonse, ikudontha.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero Reinford, mawu akutuluka ang'onoang'ono.

Munthuyo sanadzutse mutu. "Ndaimva ikulira madzulo ano," anatero. "Mwaimanga bwino injiniyo. Koma pampuyo ndi yanga."

Reinford anaima pomwepo.

"Pokwera imakoka ngati ng'ombe," anapitiriza mlendoyo. "Koma ikatentha, potsika, siimveranso munthu. Ine ndinachotsa phazi. Ndinaponda buleki. Kiyi ndinazula... iyo ikulirabe."

Apa anatembenuka pang'onopang'ono. Pachipumi panali chibala chachikulu, chosatuluka magazi.

"Mng'ono wanuyo asakokere nayo."

Reinford anakweza tochi. Anaunika... palibe! Anaunika kumanzere. Kumanja. Nkhungu yokhayokha. Pachitsulo paja pankangodontha oyilo wakuda, tho... tho... tho.

Anathawa! Za kunyumba anaziiwala. Anabwerera chokwera, tsopano mumsewu waukulu, maganizo ali pa chinthu chimodzi: akamasule pampuyo Elson asanaigwire galimotoyo. Mantha anali atamugwira zenizeni, ndipo sanachite nawo manyazi. Anagwa, nadzuka, tochi n'kutsalira m'ngalande.

Pa geti la esiteti anapeza mlonda, a Lackson, akuwotha moto m'chitini.

"Aa, a makaniko! Akuthamangitsani ndani usiku uno?"

Reinford anafotokoza mwaphuma, mpweya ukuperewera: ovolosi yabuluu, bala pachipumi, mawu a pampu aja. A Lackson anaimirira pang'onopang'ono, navula chipewa.

"Amenewo ndi a Mervin," anatero motsitsa mawu. "Ankayendetsa galimoto yokoka ya pa esiteti pano. Anagwera pamlathopo mu 1996, akukoka thirakitala. Ine ndinali nawo powatulutsa m'galimotomo, bambo. Tinakawaika ku Nsabwe."

Reinford anatembenukira kumsewu. "Ndithamange, ndikachotse pampuyo. Elson asailize n'komwe."

"A Elson?" Mlonda uja anamuyang'ana modabwa. "Si adutsa pompano ndi pikapuyo? Lole ya masamba a tiyi yafera ku sikelo ya kumtunda. Mukudziwa masamba akagona m'lole amapsa, ndiye akapitawo anakawadzutsa kuti aikokere kufakitale."

Fakitale inali kutsidya kwa mlatho.

Ndiye anaimva. Kumtunda, m'kati mwa nkhungu, injini inkabwera. Anaizindikira kulira kwake, poti anaimanga ndi manja ake. Poyamba inkalira bwino, mosalala. Kenaka mawu anakwera. Anakweranso. Anasanduka kukuwa kumene Reinford anali asanamvepo chiyambire ntchito ya umakaniko.

Magetsi anatulukira pakona. Utsi woyera, tolo! Kumbuyo, lole yodzaza masamba inkavina pa tcheni.

Reinford analumphira pakati pa msewu, manja m'mwamba. "Elson! Tsika! Dumpha!"

A Lackson anamukoka kolala, onse n'kugwera m'tiyi. Pikapu inawadutsa ngati mphepo. Kwa kamphindi, m'kuwala kwa moto wa mlonda, Reinford anaona nkhope ya mng'ono wake pawindo, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa.

"Achimwene! Sikuzima!"

Magetsi ofiira a lole analowa m'nkhungu, kutsetserekera ku mlatho.