Kamarau Wometa Ndevu

Kontena yozizira siilira misozi. Aliyense wa padoko la Beira amadziwa zimenezo. Ndiye Lachisanu lija, nthawi ili 10:40 m'mawa, wolumikiza magetsi ataona madzi amatope akudontha pansi pa kontena ya kamarau, tinkhanu ta m'nyanja ta ndevu zazitali, yopita ku Spain, anangotaya chingwe n'kuthamangira a kasitomu.

A kasitomuwo anadula loko wa nambala, uja satsegula koma kuchita kudula. Mizere iwiri yakukhomo inali bwinobwino, makatoni ouma gwa. Koma kuseri kwake, mayo ine! Matumba a mchenga wonyowa, osanjidwa mwaulemu kuti sikelo isadabwe. Makatoni 200 kulibe.

Mwini kampani, a Valdemar, anafika thukuta lili kamukamu.

"Ernestina! Wasanja kontena iyi ndani?"

"Ine, bwana."

"Watseka ndani?"

"Ine."

"Nanga nambala ya loko yasintha?"

Dona Ernestina Dauce anayang'ana pepala, anayang'ana loko. Nambala inali yomweyo, yolembedwa ndi dzanja lake 7 koloko m'mawa womwewo. Zaka 19 ali kapitawo wa amayi osanja kamarau, wosatengako ngakhale mutu umodzi wokakometsera msuzi, lero anthu a padoko akumuloza ndi milomo.

Dalaivala wa thiraki, Bonifácio Jofrisse, anaima poteropo akupotokola chipewa. Ameneyu sanali munthu wamba kwa Ernestina. Ndiye anagwira Lurdes, mwana wa Ernestina, pa ubatizo, n'chifukwa chake ankaitanana kuti kumpadre ndi komadre, ndipo mwezi wamawa amayenera kudzakhala pampando wa ulemu pa ukwati wa mwanayo.

"Kumpadre, lankhulani," Ernestina anamuchonderera. "Munalipo tikusanja."

"Ine, komadre, ndimangoyendetsa. Zam'kati sindiziona." Maso ali pansi. "Teyala linandiphulikira pa Munhava, n'chifukwa ndachedwa. Koma loko si uyu, wosakhudzidwa?"

Apolisi anamutenga Ernestina 11:30. Amayi anzake akufakitale anamva nkhaniyo iye asanafike n'komwe kupolisi.

Inspekitala Chapepa anali munthu wa mawu ochepa ndi mimba yaikulu. Anaika pepala patebulo.

"Loko wanu, siginecha yanu. Mayi, tisavutane. Katundu ali kuti?"

Ernestina sanathe kukhala pansi. Amangoti kuzenera, kuchitseko, kuzenera. Mantha anali nawo, inde, koma ukali ndiwo unaposa.

"Shefi, nthawi ili bwanji?"

"Mukufuna mukakwere sitima?"

"Ndikufuna mumve. Kamarau si simenti yoti mubise mwezi. Dzuwa ili mukuliona. Amene watenga makatoni 200 alibe firiji yolowa zonsezo, ndipo magetsi athuwa mukuwadziwa. Pofika madzulo akhala atagulitsa kapena atanunkha. Mukanditsekera, mwatsekera umboni. Tiyeni kumsika."

"Kumsika kamarau ngwambiri. Ali ndi chiphaso wanuyo?"

"Ali nacho. Ndikakuonetsani."

Chapepa anatenga makiyi. "Mpaka 2 koloko. Mukandiyendetsa padzuwa pachabe, mukagona pasimenti."

Msika wa kugombe unali piringupiringu. Ntchentche, mamba, madzi a ayezi m'mapazi, amayi akuitanira malonda. Ernestina anadutsa mabeseni osaima. Uyu ayi. Uyu ayi. Onsewo anali kamarau wa asodzi a m'mabwato, wamkulu ndi wamng'ono pamodzi, ndevu zazitali zitakolanakolana, mitu itayamba kuda ndi dzuwa. Chapepa ankapuma wefuwefu m'mbuyo. Mzere woyamba unatha. Wachiwiri unatha. Wotchi inati 1:25.

Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi ogulitsa makala, anaima njii.

"Shefi, bwerani."

M'beseni lobiriwira munali kamarau wofanana msinkhu ngati ana amapasa, woyera mbuu, mitu yosada. Ernestina ananyamula mmodzi, n'kumuika pamphuno pa wapolisiyo.

"Ndevu zake zili kuti?"

Chapepa anayang'anitsitsa. Ndevu zinali zodulidwa, zotsala pang'ono ngati chala cha mwana.

"Mzungu wathu wa ku Spain safuna ndevu, akuti zimathyokera m'katoni n'kuipitsa maonekedwe. Ndiye timameta mmodzimmodzi ndi sizasi, amayi makumi anayi, kuyambira mbandakucha. Mu Beira yense muno ndani wina ali ndi nthawi yometa kamarau? Katoni akhoza kuotcha, Shefi. Koma ndevu sangabwezeretse."

Mwini beseni, mayi wonenepa dzina lake Quitéria, anali atayamba kale kumanga nsalu kuti azipita.

"Khalani pansi, mayi," anatero Chapepa. "Mwamugula kuti?"

"Kwa asodzi, ngati masiku onse."

"Asodzi ake ati, okhala ndi shopu yometera m'bwato?"

Amayi oyandikana nawo anaphulika kuseka. Quitéria anatukwana chapansipansi.

"Ine musandikokere m'zanuzo! Mtengo unali wabwino, ndikanakana? Pitani pa Munhava, kuseri kwa galaja ya Zeca, pali mpanda wa malata. Akugulitsa pa ndowa. Fulumirani, watsala pang'ono."

Anafika 2:05, apolisi ena atatu ali m'galimoto yachiwiri. Fungo ndilo linawalandira. Kuseri kwa mpandawo kunali mulu wa mchenga wokumbidwa mbali imodzi, makatoni akufuka utsi mu mgolo, ndi kamarau wosungunuka ali mbwee pa lona. Zeca, makaniki wa galajayo, anayesa kulumpha mpanda, koma lata linamukola buluku, n'kutsala lende mutu pansi.

Chapepa anatola chitini cha penti yoyera ndi mabawuti anayi odulidwa. Anagwedeza mutu.

"Basi ndamva. Loko sanamukhudze. Anadula mabawuti a chogwirira, chitseko n'kutseguka loko ali pomwepo. Atamaliza anaika mabawuti atsopano, n'kupaka penti." Anatembenukira Zeca, amene tsopano anali pansi atamangidwa. "Thiraki inalowa muno nthawi yanji?"

"Cha m'ma 7:30, Shefi. Koma nzeru si zanga! Ine ndinangodula. Mwini nzeru akubwera 3 koloko kudzatenga gawo lake."

Anadikira m'galaja, chitseko chili chotseka. Ernestina anakhala pa teyala lakutha, anaimirira, anakhalanso. Mumtima ankapemphera pemphero lopusa, loti atulukire munthu wina aliyense, ngakhale a Valdemar amene.

Nthawi itakwana 3:10, chitseko cha mpanda chinalira. Analowa Bonifácio, chipewa chili pambali, akuimba mluzu.

Mluzu uja unathera pakamwa. Unyolo wa apolisi unalira kawiri m'manja mwake.

"Komadre," anatero ataona Ernestina. "Komadre, ndimvereni. Ndimadziwa kuti akumasulani. Inu aliyense amakudziwani, sakanakusungani."

"Mumadziwa?"

"Katundu ali pa inshuwalansi. Mzungu sakanamva kuwawa. Palibe akanavulala."

Ernestina anamuyandikira. Mawu ake sanakwere.

"M'mawa uja padoko ndinakuitanani kumpadre pamaso pa anthu. Ndinati lankhulani. Inu munati loko si uyu. Mwana wanga munamugwira m'manja mwanu pamaso pa wansembe, lero mumati akwatiwe mayi ake ali kundende?"

Bonifácio anatsegula pakamwa, koma Chapepa anamukankhira kugalimoto. "Zotsalazo ukauze woweruza."

Sitima inanyamuka Loweruka popanda kontena ija. Chitseko chinakhala chotsegula nthawi yaitali, ndipo oyeza zakudya anakana kusainira kamarau wotsalayo. A Valdemar anabwera okha kunyumba kwa Ernestina Lamlungu, atanyamula nkhuku yamoyo yopepesera. Ernestina analandira nkhuku, koma mpando sanawapatse. Lolemba anali pantchito 5 koloko, sizasi ili m'manja, ndipo amayi anzake anamulandira ndi nthungululu mpaka alonda anathamanga kudzaona.

Khoti linagamula msanga. Zeca zaka zinayi, Bonifácio zisanu ndi chimodzi.

Ukwati wa Lurdes unachitika monga anakonzera. Patebulo lalikulu, pambali pa mkwatibwi, panali mpando wa ulemu wa Bonifácio uja, wokutidwa nsalu yoyera imene Ernestina anachita kusokera yekha miyezi itatu yapitayo. Mlamu wake anamunong'oneza kuti auchotse, kapena akhalepo malume ena, anthu asamafunse.

"Usiyeni pomwepo," anatero Ernestina. "Afunse."

Anaikapo chikwama chake, n'kupita kukavina.