Diresi la Woyimba Watsopano

Zikani ukamufunsa funso lovuta, ankayamba kuchuna banjo. Ankaweramitsa mutu, khutu pafupi ndi chikopa, zala zikupotokola kamtengo komangira waya, ngati yankho labisala m'katimo. Modester analiona khalidweli tsiku lomwe anakumana, pa siteji ya makabaza ku Chinamwali, mnyamatayo akuimba podikira okwera.

"Njingayi ndi yanu, achimwene, kapena mwangobwereka?"

Zikani anachuna kaye waya, kenako anamwetulira. "Ndi ya abwana. Koma mtimawu ndi wangawanga, ndipo mpando wake ulibe munthu. Kwerani, asisi!"

Modester anaseka mpaka anagwira pakamwa. Anakwera njinga, ndipo asanafike m'tauni anali atapereka kale nambala ya foni.

Modester anali telala, makina ake ali pakhonde la golosale. Zikani anali ndi kagulu koyimba kotchedwa Mawaya Anayi: iye pa banjo, Jimmy pa badza, chigitala chachikulu cha waya mmodzi chomwe woyimba amachikhalira, ndi Fadili pa ng'oma. Banjo ya chigubu itaphwanyika, Modester anapereka poto wake. Zikani anamukuta ndi chikopa cha mbuzi, n'kumangapo mawaya a mabuleki a njinga. Inalira kuposa yakale!

"Ndimaimba m'poto wako, Mode wanga," ankatero. "Ndingakuiwale bwanji?"

Anamupekeranso nyimbo. Mauthenga ankabwera m'mawa uliwonse: "Duwa la ku Chinamwali, wadzuka bwanji? Tikangotchuka, amalume anga akubwera kwanu. Ndalumbira!"

Ndipo anatchukadi. Anayamba ndi maukwati a ku Zakazaka ndi ku Chikamveka, kenako nyimbo zawo zinamveka pa wailesi. Mwini loji ina ya pamwamba pa phiri anawaitana kuti aziimbira alendo. Azungu ena atamva zala za Zikani zikuthamanga pa mawaya, anati kwawo nyimbo zotere amati bulugilasi. Zikani analikonda dzinalo, nagula chipewa chachikulu. Mwini loji anamugulira banjo ya m'sitolo, yonyezimira. Ya poto ija inakolekedwa pa msomali m'chipinda cha Modester.

Za amalume sizinamvekenso.

Tsiku lina Zikani anabwera ndi nsalu yobiriwira, yamaluwa agolide, yodula ndithu.

"Bebi, tikukajambula vidiyo kuphiri. Usoke shati yanga ndi diresi la woyimba wathu watsopano. Nsalu yomweyi."

"Nsalu imodzi, awiri nokha? Nanga Jimmy ndi Fadili?"

Zikani anaweramira banjo yonyezimira ija, n'kuyamba kuchuna.

"Iwo aima kumbuyo. Saoneka kwenikweni."

Modester anaziona zalazo. Anaziona bwinobwino! Koma analandira nsaluyo.

Woyimbayo anabwera pa galimoto kudzayeza. Dzina lake anali Melissa, mwana wa mwini loji, mtsikana waulemu, wonunkhira bwino.

"M'chiunomu musiyemo malo, asisi," anatero monong'ona. "Ndikunenepa masiku ano."

Modester anali atayeza akazi ambiri pa moyo wake. Kunenepa kwa chakudya ankakudziwa, kunenepa kwinako ankakudziwanso. Anawerenga manambala a pa tepi yoyezera kawiri konse. Koma mimba ilibe dzina pamphumi, anadziuza yekha. Zomba yonseyi amuna atha?

Anasoka diresilo ndi luso lake lonse. Anaika mkanda m'khosi mwa diresilo, nalikolowekera panja kuti odutsa aone.

"Mwamuna wanga muzimuonera pa kanema tsopano," anauza mayi Malita, ogulitsa tomato pafupi ndi khondelo.

Mayi Malita anasiya kusanja tomato. "Mwana iwe, dzulo ndamuona Jimmy akugula tambala wamkulu. Kuyambira liti vidiyo ikufuna tambala?"

"Nsanje imeneyo, amayi! Anthu a ku Chinamwali simufuna mnzanu atukuke."

Mayiwo anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusanja tomato wawo.

Loweruka, zovala zitatengedwa kale, Modester anaona kuti kansalu kotsala kakwanira duku. Anasoka mofulumira, nakwera lole yokatenga matabwa kuphiri. Ankadziuza kuti akungokapereka duku.

Anatsika pakati pa mitengo ya paini, mphepo yozizira ikumulowa m'mafupa. Asanafike pa geti la loji anamva nthungululu. Vidiyo yanji ya nthungululu?

Pabwalo panali matenti, mipando yodzaza anthu, ankhoswe atakhala moyang'anizana, tambala uja ali m'manja mwa bambo wina wachikulire. Atsikana ofunditsidwa zitenje mutu wonse ankalowa akuvina, akuchimuna n'kumawavundukula mmodzimmodzi.

"Si ameneyu!" anthu ankakuwa akuseka.

Atavundukula womaliza, maluwa agolide ananyezimira padzuwa. Anali Melissa, m'diresi lija. Zikani anaimirira m'shati yake yobiriwira, namukumbatira. Jimmy ndi Fadili anayambitsa nyimbo, yomwe ija ya Modester.

Chinkhoswe! Ndipo zovala zake anasoka ndi iye mwini!

Modester anafuna kubwerera, koma anachedwa. Melissa anali atamuona kale.

"Atelala anga! Bwerani kuno, asisi!" Anatenga chimkuzamawu. "Amayi nonse mukufunsa za diresili, mwini luso ndi uyu. Muwombereni m'manja!"

Anthu anawomba m'manja. Jimmy anagwetsa nkhope pa badza lake. Fadili anaphonya ng'oma. Kumbuyo kunakhala amayi ena a ku Chinamwali, makasitomala ake enieni, akugwirana zigongono. Onsewa ankadziwa!

"Mwandibweretsera duku? Koma inu ndinu abwino! Ndimangeni nokha."

Apa ndi pomwe Modester sanadzikhululukire. Sanakuwe. Sanataye dukulo pansi. Anapinda maondo mwaulemu, namumanga Melissa duku bwinobwino, mfundo yake pambali, monga amachitira kwa mkwatibwi aliyense. Anamwetuliranso pamene ankawajambula.

Zikani anamupeza kuseri kwa tenti, banjo ili pachifuwa.

"Mode…"

"Mimba ija ndi yako?"

Mutu unawerama. Zala zinapita pa kachitsulo komangira waya. Modester anaika dzanja lake pa mawaya onse, banjo inati zii.

"Usachune. Ndamva kale."

"Tamvetsa, bebi. Banjoyi, loji, situdiyo, zonse ndi za bambo ake. Ndikamukana, gulu latha. Jimmy abwerera kokasenza katundu, ine pa kabaza. Koma wapamtima ndiwe, Mulungu akuona!"

"Mulungu musiye. Ndiyankhe chimodzi chokha. Matelala adzaza mumsika wa Zomba. Bwanji sunapite kwa wina?"

Zikani anamuyang'ana modabwa, ngati funsolo ndi lachibwana.

"Nanga alipo amene amasoka ngati iwe?"

Sanachune banjo poyankha. Modester anazindikira kuti pa zonse zomwe mnyamatayu anamuuza chikumaniraneni, mawu oona anali amenewa.

Anatsika phiri wapansi. Sanalire. Chomwe chinkamuwotcha sichinali Zikani, kapena Melissa amene sankadziwa kanthu. Chinali tepi ija, tambala uja, zala zija. Anaona zonse ndi maso ake, n'kupondabe makina!

Kutacha anapita kwa mayi Malita, nagwada pafupi ndi benchi la tomato.

"Amayi, ndinakunyozani. Pepani."

"Dzuka, mwana wanga, anthu akuona."

"Aone. Dzulo anaona zoposa izi."

"Ndiye utani?"

"Achemwali anga a Pauline akhala akundiitana ku Liwonde. Akuti khonde lilipo, telala palibe. Ndikupita lero."

"Ukuthawa?"

"Eya, ndikuthawa. Ndikakhala pano, mwezi wamawa abwera ndi nsalu ya ukwati. Ndipo ine ndimadzidziwa, amayi. Ndisoka."

M'chipinda mwake anamasula mutu wa makina, naukulunga m'bulangete. Anapinda zovala, naika sizasi ndi ulusi m'chikwama. Foni inalira: "Duwa langa, usakwiye. Ndibwera madzulo tikambirane. Palibe chasintha."

Anaponya foniyo pabedi. Anayang'ana pa msomali pomwe panali banjo yakale ija, yodzaza fumbi. Anaitsitsa, natulutsanso sizasi. Anadula mawaya, nang'amba chikopa, nazula mtengo wake. Chinatsala ndi poto, wakuda kunsi, wobooka m'mbali momwe munadutsa mtengo.

Sakanaphikiranso, koma anali wake. Anaponyamo mabatani ndi mapini, namulowetsa m'chikwama, n'kutseka zipi. Mtengo ndi mawaya anazisiya pakhomo, kuti wobwera madzuloyo apeze choti achune.