Masamba Omatana

Lettie anaimirira kutsogolo kwa anzake a kalabu yowerenga mabuku. Buku linali m'chikwama, atalikulunga m'pulasitiki ngati nsomba yogula pamsika wa Chintheche. Linali gawo lachiwiri la nkhani ya chikondi ndi umbanda imene inazunguza mitu ya Fomu 3 yonse, ndipo pasukulu ponse linalipo limodzi lokha. Lamulo la Madamu Chirwa aliyense ankalidziwa: wowononga buku, dzina lake lifufutidwe m'kalabu.

Tsoka linamugwera Loweruka. Amayi ake anamutuma kukavuula chinangwa chimene anaviika m'dziwe, iye n'kupita maso ali m'buku. Atangowerama, bukulo linamupulumuka, chubwi! Mwana wa kunyanja mankhwala a chinthu chonyowa amadziwa amodzi okha: dzuwa. Analiyanika pathandala la usipa lili chitsekere, n'kulitsendereza ndi mwala. Koma madzi a chinangwa ali ndi ulimbo wake. Pofika masana, masamba makumi atatu omalizira anali atamatana gwa, iye asanawawerenge.

"Tiuze, Lettie," anatero Madamu Chirwa. "Walipeza bwanji bukuli?"

"Gawo loyamba linali lokoma kuposa ili, Madamu," anayamba Lettie. "Phillis uja anali mtsikana wolimba mtima, koma muno wolemba wamusandutsa wongolira. Chibwenzi chake chikubwera malaya ali magazi okhaokha, chikunama poyera, iye n'kumangoti ndimamukonda! Zinanditopetsa. Koma pamene akubisala m'galimoto ya achifwamba paja, ndinaiwala ndi kupuma komwe."

Anzake anaseka, ena kuwomba m'manja. Mtima wa Lettie unayamba kukhala pansi. Ndiye Weston, mnyamata wamafunso ngati wapolisi, anakweza dzanja.

"Nanga mapeto? Usatiuze amene anapha munthu uja, koma anakukhutiritsa?"

"Mapeto ndi abwino," anayankha Lettie. "Onse akusangalala."

"Akusangalala?" anafunsa Madamu, akuvula magalasi pang'onopang'ono.

Mavis, mnzake wapamtima amene anali wotsatira pamndandanda wobwereka, anali atatambasula kale dzanja, akumwetulira. Kumwetulirako n'kumene kunamupweteka Lettie kuposa diso la Madamu. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi.

"Ndanama, Madamu. Mapeto sindinawerenge."

Anatulutsa bukulo n'kuliika patebulo. Linali litatupa, likununkha usipa. Anafotokoza zonse, za dziwe ndi za thandala zomwe. Madamu anayesa kutsegula masamba aja ndi chikhadabo, pepala n'kung'ambika, zilembo n'kutsalira patsamba linzake.

"Ukanabwera nalo Loweruka lomwelo likadali lonyowa, tikanalipulumutsa," anatero motsitsa mawu. "Buku si usipa, mwanawe. Amaliumitsa pamthunzi, tsamba ndi tsamba. Chimene chalipha si madzi ayi, koma kubisa kwako."

"Mundifufuta, Madamu?"

"Teremu ino subwerekanso buku. Ukanapitiriza bodza lija, ndikanakufufutiratu. Ndemanga yako ya zimene unawerengadi inali yanzeru, n'chifukwa chake zikundiwawa."

Lettie anapumira m'mwamba, misozi ili lengelenge. Anaganiza kuti chilango chathera pomwepo. Koma Mavis anaimirira, natenga bukulo, nalitembenuza uku ndi uku.

"Milungu isanu ndakhala ndikudikira," anatero, osakweza mawu. "Dzulo kutchalitchi ku Bandawe ndinakufunsa, unati bukulo lili bwinobwino."

"Pepa, Mavis. Ndinkaopa."

"Umaopa Madamu. Nanga ine?"

Anabweza bukulo patebulo n'kukakhala pampando wina, kutali ndi wa Lettie. Belu litalira, ana khumi ndi anayi amene mayina awo anali akadali pamndandanda anatuluka mmodzimmodzi, ndipo palibe anamuyang'ana. Tsiku limenelo njira ya kwawo Lettie anayenda yekha.