Kadontho Pansi pa Thirakitala

Sellina ankakonda kufunsa mafunso. Ankafunsa kwambiri za thirakitala.

Bambo ake, a Saulos, ankayendetsa thirakitala ya Che Aufi. Inali yakale, yofiira, yotsokomola. Inkagona pabwalo pa a Saulos.

Manachesi anapsa. Anadzaza ngolo. Koma thirakitala sinapite kumsika wa ku Thambani. Njira yake ndi yotsetsereka, ndipo mabuleki sankagwira.

A Saulos anaponda buleki. Fwaa! Inalowa mpaka pansi.

"Mafuta a mabuleki athanso?" anakalipa Che Aufi. "Dzana lomweli ndathira! Mukugulitsa inu. Mawa ntchito yatha."

"Mwina akudontha," anatero a Saulos.

"Akudontha pati? Taonani pansipo. Pouma gwa!"

Mtima wa Sellina unatentha. Ababa si akuba! Nanga mafutawo akupita kuti? Kodi thirakitala imamwa?

M'mawa Sellina anatenga tsache, monga mwa masiku onse. Anasesa pakhomo. Anasesa pansi pa mango. Anafika pa thirakitala.

Pafupi ndi tayala panali kadontho kakuda. Sellina anaima. Dzulo kanalipo. Dzana kanalipo. Iye ankangokasesa anthu asanadzuke!

Lero sanasesepo. Anakhala pompo, kuthamangitsa nkhuku.

Che Aufi atafika, Sellina anaimirira. "Che Aufi, taonani wakuba wanu uyu!"

"Iwe, ulemu!" anatero Amayi.

Koma Che Aufi anawerama. A Saulos anakwawira pansi. Kapaipi ka mabuleki kanali kong'aluka. Tho! Tho!

A Saulos anaika kapaipi kena. Anathira mafuta. Koma buleki inali yofewabe ngati nthochi yakupsa.

"Chifukwa chiyani, Ababa?"

"Mwalowa mpweya. Kwera uponde, ine ndiutulutse."

Sellina anakwera. A Saulos anagwira sipanala.

"Ponda! Ponda! Gwira!"

Psss! Kunatuluka thovu.

"Ponda! Ponda! Gwira!"

Psss! Kenaka buleki inalimba ngati mwala.

Che Aufi anavula kachipewa kawo. "A Saulos, pepani. Ndinalankhula ndisanaone."

"Mubwerezenso," anatero Sellina. "Amayi sanamve."

Onse anaseka, ndipo Che Aufi anabwerezadi.

A Saulos anaika khadi la chipani m'thumba, poti masiku amenewo kumsika ankafunsa khadilo. Ananyamula Sellina n'kumukhazika pangolo. Amayi anamusendera nachesi.

Pamtsetse, Sellina anafuula, "Ababa, pondani!"

Thirakitala inaima nji!