Kalilole Wokwera Msinkhu

Awiriwa anakumana mu saluni ya azakhali a mtsikana, tsiku lomwe mmisiri wa magalasi anabwera kudzapachika kalilole watsopano. Mtsikanayo anali atangomaliza sukulu. Ntchito yake inali kusesa tsitsi, ndipo makasitomala akasowa ankawerenga timabuku tachikondi.

"Taimani apa, asisi," anatero mmisiriyo, pensulo ili kukhutu. "Ine kalilole sindipachika mwachisawawa. Ndimayezera pa maso a mwini wake."

"Mwini wake ndi azakhali."

"Koma nkhope yoyenera kuonekamo ndi yanuyi."

Msuweni wa mtsikanayo, wamtali ngati nsungwi, anaseka uku akuluka kasitomala. "Mukayezera pa Kafupiyu, enafe tizichita kugwada."

Sabata isanathe, mameseji a mmisiri anayamba kugwa ngati mvula.

"Kafupi wanga, duwa langa, wadya koma?"

"Ndikukonza nyumba yathu. Msomali woyamba udzakhala wa kalilole wako."

M'timabuku take, mtsikana akaima pa kalilole ankadziona ali m'diresi loyera. Naye Kafupi anayamba kuliona, ngakhale atagwira tsache.

Koma mtima sunkakhazikika. Mmisiri ankabwera pafupipafupi, ati kudzaona ngati msomali sukugwedera. Nanga msuweni ankapakiranji milomo masiku omwewo? Anadziwa bwanji kuti munthuyu samwa tiyi wa shuga?

"Mumamuyang'aniranji chonchija?" Kafupi anafunsa pa foni.

"Ndani? Chimlongoti chija? Nsanje idzakuwondetsa, wachikondi. Dikira nyumba ithe, udzaona wekha."

Kudikira! Loweruka m'mawa anangodzola mafuta, ulendo. Anamupeza mmisiri pakhonde akupala thabwa, ndipo moni wake anatuluka mochedwa.

"Bwanji osandiuza? M'nyumbamo muli fumbi."

"Fumbi ndimasesa tsiku lililonse," anayankha akulowa.

Munalibe fumbi. Munali makatani achikasu, bedi latsopano, ndipo pakhoma panali kalilole wamkulu wa felemu yosema maluwa. Kafupi anamwetulira. Anakonza kolala, n'kukaima patsogolo pake.

Anangoona nsonga za tsitsi lake.

Anadzikweza ndi zala za kumapazi. Chinatulukira ndi chipumi chokha.

"Mwalakwitsa muyezo eti?" anafunsa motsitsa mawu. Mumtima ankapempha kuti angovomera. Akanamukhululukira pomwepo, akanaseka limodzi.

"Ine sindilakwitsa muyezo."

Mawuwo anangomupulumuka mmisiri uja. Atawamva yekha, anagwira pakamwa.

"Ndiye anaima apa ndani?"

Mmisiri anatembenukira kuzenera.

"Ndikufunsatu. Ndani anaima apa, inu n'kumamuyeza maso?"

"Anangobwera kudzandithandiza kusankha makatani. Unati iwe sudziwa za mitundu."

"Msuweni wanga."

Mmisiri anayang'ana pansi, chala chikukanda utuchi pa buluku.

"Poyamba zinali zocheza. Kenako... Kafupi, tamvera. Ndi msomali chabe. Ndiuzula pompano, kaliloleyu ndimutsitse."

"Bowolo lizindiyang'ana m'mawa uliwonse?"

Misozi inafika, koma anaikaniza. Akalire pamaso pa ndani? Pa munthu amene amamulembera "duwa langa" dzanja linalo likuyeza mkazi wina? Anakoka chikwama chake paphewa, nazemba dzanja lomwe linkafuna kumugwira.

"Wachikondi, usapite chonchi. Ndiuze chochita."

Kafupi anaima pakhomo. Anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso.

"Musiyeni pomwepo. Tsalani bwino, alamu."