Nkhope Ziwiri pa Sikirini Yakuda

"Sadik, ndiwe wabodza! Ndipo bodza lakolo wachita kulijambula wekha ndi foni yako!"

Zakia anayankhula ali chiimire pakhomo, fumbi la kabaza lidakali m'mapazi, sikuludiraiva ili m'manja. Sadik anali atangobwera kumene kuchokera ku Juma, mapemphero a Lachisanu. Anauma ndi nsapato imodzi kuphazi.

"Bebi, chavuta n'chiyani? Tsitsa mawu, anthu atimva."

"Atimva? Mangochi yense watiwona kale!"

Koma chinamuwotcha chonchi mtsikanayu n'chiyani?

Awiriwa anakumana chaka chatha pa depoti, m'minibasi yopita ku Monkey Bay yomwe inkachedwa kudzaza. Sadik anali kumpando wakumbuyo, akukalipira mnzake pafoni kuti gemu yabwino ndi ya zithunzi zokongola, basi. Zakia anapirira, kenako zinamukwana.

"Achimwene, pepani kulowerera. Gemu yokongola koma yodukizadukiza ndi yantchito yanji? Inu mukhotetse galimoto lero, iyo n'kudzakhota mawa?"

Sadik anatembenuka, kukamwa kuli yasa.

"Chemwali, inunso mumasewera?"

"Ndimasewera. Ndipo ndikhoza kukukwapulani."

Anatsutsana njira yonse mpaka pa Nkhudzi, pomwe Zakia ankatsikira kukaona azakhali ake. Nambala anapatsana kudzera pawindo, minibasi itayamba kale kuyenda.

Sadik anali ndi tsamba pa intaneti. Ankajambula mavidiyo owuza anthu gemu yomwe ingayende pa makompyuta akale, ndi yomwe ingangowathera bandulo pachabe. Sankanyengerera. Gemu ikakhala yoipa ankanena kuti ndi yoipa. Vidiyo iliyonse ankaiyamba ndi mawu omwewo: "Sindidula kanthu, muone nokha."

Mawu amenewo ndiwo anamugwetsa Zakia. Mtsikanayu ankadana ndi chinyengo kuposa malungo.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula.

"Wadzuka bwanji, duwa langa?"

"Popanda iwe ndili ngati kompyuta magetsi atazima."

"Wallahi Zakia, kampando kali pambali pangaka ndi kako wekha, mpaka imfa."

Kampandoko kanalipodi, pambali pa kompyuta ya Sadik. Panalinso mahedifoni othyoka omwe Zakia anawamanga yekha ndi tepi yofiira. Sadik ankawapachika pamsomali, n'kumati, "Awa sakhudza mutu wa munthu wina."

Kenako kunatuluka gemu yatsopano ya mpikisano wa magalimoto, ndipo aliyense ankafuna kumva maganizo a Sadik. Koma dzuwa la Okutobala silinyengerera makina. Mafani a kompyuta yake analira ngati chigayo, m'chipinda munamveka fungo la kupsa, khadi ya zithunzi, kachipangizo koyendetsa magemu, n'kufa.

"Ndatha ine," anatero Sadik, atagwira mutu. "Anthu andithawa. Popanda khadi palibe gemu, popanda gemu palibe Sadik."

Zakia anayamba kulingalira. Kunyumba kwawo kunali kompyuta yomwe mlongo wake Dinala anamutumizira kuchokera ku Joni, miyezi yochepa asanamwalire konko. Ndiyo yomwe inamuphunzitsa zonse. Tsiku lina lililonse akaiyatsa ankamva ngati Dinala wakhala pambali pake, akumuseka kuti akuyendetsa ngati agogo.

Anaitsegula m'mawa mwake. Anachotsa khadi ija, n'kuikulunga m'chitenje.

"Ndi ya achimwene anga iyi," anamuuza Sadik. "Ndilibenso china chawo."

Sadik anagwada pansi, misozi ili lengelenge.

"Ndidzaisamala monga ndidzakusamalire iwe. Uwauze amalume ako, Loweruka la mawa ankhoswe anga akubwera. Insha Allah, chaka chino sichitha usanakhale mkazi wanga."

Ndani sakanakhulupirira? Amalume a Zakia anagula mpunga, anasankha mbuzi. Amayi ake anauza msikiti wonse wa amayi.

Lachisanu m'mawa vidiyo ija inatuluka. Zakia anaitsegula ali m'sitolo ya nsalu ya amalume ake, akumwetulira yekha.

"Abale anga," anatero mawu a Sadik, foni italoza pa sikirini, "khadi ndapeza yamphamvu, gemu ikuyenda ngati madzi. Vuto ndi disiki yangayi, ndi yakale. Onani mmene ikuchedwera kutseguka. Ndili ndekhandekha muno, tidikire limodzi. Sindidula kanthu, muone nokha."

Sikirini inada bii. Inakhalitsa ili choncho.

Ndipo sikirini ikada imasanduka galasi.

Zakia anaona Sadik atagwira foni. Kumbuyo kwake, chibwano chitatsamira paphewa lake, panali mtsikana atavala mahedifoni a tepi yofiira. Anali Rosa, wogulitsa katundu wochokera ku Chiponde, yemwe Sadik ankati ndi kasitomala chabe. Rosa anamupsompsona kukhutu, Sadik n'kumwetulira. Kenako gemu inatseguka, magalimoto n'kuphimba zonse.

Pansi pa vidiyo anthu anali atayamba kale.

"Bwana, gemu taiona, koma alamu ndiwo akuyenda bwino kwambiri!"

"Iii, koma uyo si Zakia ayi."

Zakia anabwereza kuonera. Anabwerezanso. Kenako anatola sikuludiraiva n'kuitana kabaza.

Ndi mmene anapezekera pakhomo paja. Tsopano anamukankha Sadik n'kulowa, n'kumuika foni pamaso.

"Uyu ndani?"

Sadik anayang'ana pafoni paja.

"Switi, sizili mmene ukuganizira. Rosa amadziwana ndi amalonda a kumalire. Anandilonjeza disiki yothamanga, ndiye ndimangomusangalatsa kuti..."

"Kuti akupatse disiki." Zakia anaseka kuseka kowawa. "Khadi kwa Zakia, disiki kwa Rosa. Nanga sikirini ikafa udzakonda ndani? Kiyibodi ili kale ndi mwini wake?"

"Usatero, duwa langa. Amene ndimamukonda ndiwe."

"Duwa lako linafota pa sikirini."

Anagwada pambali pa kompyuta n'kuyamba kumasula. Sadik anazungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Zakia, chonde! Anthu akudikira vidiyo yachiwiri. Ukachotsa imeneyo wandipha!"

Zakia anaima kaye. Mpaka pano mnyamatayu sanati "usandisiye". Anati "usachotse".

Analowetsa dzanja, n'kulibweza msanga. Khadi inali yotentha.

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Iwe unali ku Juma. Ankasewera ndani?"

Sadik anayang'ana pansi. Pamsomali paja panalibe mahedifoni. Nsalu yotchinga khomo la kuchipinda inagwedezeka pang'ono, ndipo pansi pake panaoneka zala za kuphazi zopaka utoto.

Apa misozi yomwe Zakia anaigwira kuyambira m'mawa inagwa. Sanalirire Sadik ayi. Analirira Dinala, yemwe anagwira ntchito m'mayadi a anthu ku Joni kuti mlongo wake asangalale, lero khadi yake ikusangalatsa wina kuseri kwa nsalu.

Anaizula khadi ija ngakhale inkamuwotcha, n'kuikulunga m'chitenje chomwe chija. Anapukuta m'maso. Kenako anakweza foni yake, n'kuyatsa kamera, n'kuiloza kunkhope ya Sadik.

"Zakia, ukutani?"

"Mawa amalume anga akupha mbuzi. Amayi anga aitana anthu. Ine sindikanena ndi pakamwa panga, chifukwa wolakwa sindine. Ukanena ndiwe. Awuze kuti kuseri kwa nsalu uko kuli ndani. Awuze kuti unkandifuna ine kapena khadi ya malemu achimwene anga."

"Bebi, zimitsa kaye, tikambirane..."

"Sindidula kanthu, Sadik. Aone okha. Yankha!"