Nyumba ya Lendi ku Chipoka

A Aloysius anachoka ku Diepsloot, ku Joni, mataxi atasiya kale kuyenda. Sikunali kufuna kwawo. Hamid, bambo wolankhula ngati wailesi amene anawalonjeza kiyi wa nyumba, anawadikiritsa kuyambira masana, ati ali paganyu, ati akubwera pompano. Pompano wa anthu a masiku ano ndi maola asanu.

Nyumbayo inali ya lendi, ku Chipoka, kufupi ndi nyanja. Zaka makumi atatu ndi zinayi a Aloysius anakhala akudulira maluwa a azungu ku Joni. Tsopano bwana anali atagulitsa nyumba, akusamukira ku Cape Town, ndipo kachipinda kakuseri kamene iwo ankagonamo kanayenera kukhala kopanda munthu pofika Lachisanu. Kwawo ku Ntcheu kunalibe polowera. Njerwa zimene anaotchetsa, ana a mlongo wawo anamangira nyumba zawo, ndipo atawafunsa pafoni anangoti, "Amalume, ife timayesa simudzabweranso." Mtchona alibe bwalo lokadandaulako. Ndiye munthu wa imvi akachite lendi m'dziko lake lomwe, pakati pa anthu osamudziwa.

"Ndi ya amalume anga, koma eniake sakhalamo," anatero Hamid powapatsa kiyi. "Simudzavutana ndi munthu, madala. Sharp?"

A Aloysius sanamukhulupirire. Anasiya kale kukhulupirira munthu aliyense wosekerera asanamve nkhani. Koma pachithunzi nyumbayo inali ya malata, ndipo pena pogona panalibe.

Magetsi anali atazima dera lonse. Anatsata msewu wotsikira kumtsinje wa Jukskei, manja m'matumba a jekete, chisanu cha Juni chikuwaluma m'makutu. Anadutsa mashaki omaliza, tizisakasa ta malata. Agalu anauwa, kenako anasiya. Kutsogolo kunali mlatho, ndipo kutsidya kwake ndiko kunali mipanda ya azungu.

Atangoponda pamlatho anamva mapazi kumbuyo.

Anaima. Mapazi aja anaimanso.

Tsotsi, anaganiza. Foni atenge, koma kiyi ayi. Anafulumira. Mapazi anafulumira. Sanali kugunda ngati nsapato pa tara. Ankangoti thapwa... thapwa... ngati munthu wotuluka m'madzi. Koma mvula inali isanagwe miyezi iwiri.

"Achimwene, mukuyenda ngati munthu wa kwathu."

Chichewa! Mtima unatsikako pang'ono. Pambali pawo panali mwamuna wovala ovolosi yakale ya omanga nyumba, chipewa chitatsikira kumaso. Nkhope sinkaoneka. Ankanunkha matope.

"Ndine wa ku Ntcheu," anatero a Aloysius. "Inu?"

"Chitseko chakumaso muzichikweza pang'ono potsegula. Anachiika mokhota."

"Chitseko chiti?"

"Cha ku Chipoka. Ndipo mtengo wa mango wakuseri musadule."

Za nyumbayo a Aloysius sanauzeko munthu. Anagwira kiyi m'thumba. Anali wozizira ngati wachokera mufiriji.

"Nyumbayo mumaidziwa bwanji?"

"Malata ndinagula ndine. Zitseko ndinakweza pabasi ndi manja angawa, ku Doornfontein. Chithunzi abale ananditumizira." Pansi pa mlatho madzi ankayenda mwakachetechete. "Sindinagonemo ngakhale usiku umodzi."

Mawu amenewo anawalasa a Aloysius pabala lawo lomwe. Mantha anasanganikirana ndi mkwiyo wakale. Nayu mnzawo, wodyeredwa thukuta ngati iwo.

"Abale ndi afisi," anatero. "Amadya uli moyo."

"Basi yanu inyamuka liti?"

"Lachisanu."

"Ambiri adutsa pano ndi zikwama. Palibe anandiuzapo kuti tiyeni."

Mayi awo anawaphunzitsa ali mwana kuti usiku suitana munthu amene sunamuone nkhope. Koma zaka za ku Joni zimafufuta zambiri. Chimene chinatsala ndi ulemu wa pakamwa, womwe uja umati kwa wodutsa "tiyeni tidye" ukudziwa kuti akana. Mawu anatuluka okha.

"Nanga mukutsaliranji? Tiyeni, tipitire limodzi."

Mwamuna uja anapuma mpweya wautali, ngati wotula mtolo wa nkhuni.

"Mwanena nokha, achimwene."

Galimoto inatulukira pakona. Nyali zake zinasesa mlatho wonse, uku ndi uku.

Panalibe munthu.

A Aloysius anathamanga. Mawondo okalamba anaiwala nyamakazi. Anapunthwa, anadzuka. Sanacheuke. Koma galimoto itapita, mdima utabwerera, anamvanso... thapwa... thapwa... Osafulumira. Osatsalira. Mpaka pageti la bwana. Anatseka chitseko cha kachipinda, anatsamiritsako mpando, anakhala pabedi nsapato zili kuphazi mpaka kunja kunayera.

M'mawa anakwera taxi yoyamba kubwerera ku Diepsloot. Hamid kunalibe, foni yake yozimitsa. Anapeza mkazi wake, Asma, akuchapa m'beseni pakhomo pa shaki.

"Mwalawiratu, abambo. Kiyi wavuta?"

"Mayi, ndiuzeni zoona. Mwini wake wa nyumba ija ndani?"

Asma anafinya malaya, anawaponya m'ndowa, osawayang'ana.

"Che Suwedi, amalume awo a bambo a kunyumba kuno."

"Ali kuti?"

"Sanakuuzeni?" Anapukuta manja pachitenje. "Anamwalira kale, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Mtsinje unasefukira, unawakokolola pamlatho paja akuchokera kuntchito. Anali atatsala sabata imodzi kuti azipita kumudzi. Anthu a kumzikiti anawaika konkuno tsiku lomwe anapezeka, monga mwa mwambo wathu. Koma kumudzi ngakhale sadaka sanachite. Onse anali kalikiliki kulimbirana nyumba." Anawayang'ana tsopano. "Bwanji, mwamva chiyani?"

A Aloysius anatulutsa kiyi. Kungomuika pamphepete pa beseni, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Lachisanu akagona kuti? Pansi pa mlatho? Anaganiza za bwana amene anawagwira chanza ngati akutsanzikana ndi wogulitsa nyuzipepala. Anaganiza za ana a mlongo wawo, akugona mofunda m'njerwa zimene iwo anaotchetsa. Amoyo onse anatenga osapempha. Uyu yekha ndiye anayamba wadikira kuti aitanidwe.

Anabweza kiyi m'thumba.

"Palibe chimene ndamva, mayi. Tsalani bwino."

Anayenda pang'ono m'kanjira ka pakati pa mashaki, kenako anaima. Asma anawamva akulankhula osatembenuka, ndi mawu otopa a munthu wouza mnzake wa paulendo.

"Basi ndi ya sikisi koloko m'mawa, Che Suwedi. Chipinda chachikulu ndi chanu. Ine mundisiyire chakuseri, ndinazolowera."